Zidindo Zinayi Pansi pa Tipoti

Kalekale, azungu a minda ya tiyi asanayambe kubwerera kwawo, ku Thyolo kunali khukhi wina dzina lake Lapukeni Namakhwa. Anaphikira banja limodzi la azungu zaka makumi atatu, pa esiteti ina imene dzina lake sinditchula, chifukwa zidzukulu za anthu a m'nkhaniyi zilipobe ndipo zina zimandidziwa.

M'nyumba mwa a Namakhwa munalibe choti munthu n'kuchiyang'ana kawiri: mipando iwiri ya nsungwi, mphasa, ndi wayilesi yakufa. Koma pamwamba pa kabati panali tipoti. Inali yonenepa pamimba, ya timiyendo tinayi topindika, chogwirira chakuda, ndi kaduwa pachivundikiro. Mlendo akafika, a Namakhwa ankaitsitsa ndi manja awiri ngati khanda.

"Siliva weniweni uyu," ankatero. "Dona anandipatsa ndi dzanja lake nditakwanitsa zaka makumi awiri m'khitchini mwake. Musagwire, ingoonani ndi maso."

Anthu ankaonadi, n'kugwedeza mitu. Akatuluka panja ankayamba kunong'onezana. Mzungu uti anapatsapo wantchito siliva? Malaya akutha, inde. Nsapato zoboola, inde. Koma siliva?

Apa ndiyambe ndakuphunzitsani pang'ono, chifukwa ambiri a inu mukaona chonyezimira mumangoti siliva. Ine ndinafika Folomu Folo nthawi imene atsikana a kwathu ankalekera Sitandade Faifi, ndipo m'kabati mwanga muli masupuni amene ngakhale mayi busa amachita kupempha kuti awaone. Choncho ndikudziwa chimene ndikunena. Ziwiya zoterezi zilipo mitundu iwiri. Pali za siliva yekhayekha, kunja ndi mkati momwe. Zikakhala za ku Mangalande, pansi pake pamakhala kachidindo ka mkango woyenda utakweza phazi limodzi. Ndiye pali za chitsulo wamba, zongokutidwa ndi siliva pamwamba, wopyapyala kuposa khungu la anyezi. Izi zilibe mkango. Zambiri zimakhala ndi zilembo zinayi: E, P, N ndi S. Koma opanga ake anali ochenjera. Zilembozo ankazikhotetsakhotetsa, chilichonse m'kabokosi kake, n'kuzindandalika pamzere, kuti munthu woyang'ana mothamanga aziyese zidindo za siliva weniweni. Sungani zimenezi, muzifuna kutsogoloku.

Patapita zaka, dona anamwalira. Mwana wake wamwamuna, amene antchito ankangomutcha bwana wamng'ono, anabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja kudzalonga katundu. M'thumba mwake munali kalata ya mayi ake yofotokoza za tipoti ya makolo awo: siliva yekhayekha, ya timiyendo tinayi, pansi pake pali mkango ndi nangula. Anafufuza nyumba yonse koma tipotiyo sanaipeze.

Pa esitetiyo panali kapitawo dzina lake Mologeni. Iyeyu ndiye ankasunga makiyi a nyumba masiku a maliro, ndipo kwa zaka zambiri ankasirira kanyumba ka njerwa kamene a Namakhwa ankakhalamo. Anavula chipewa n'kupita kwa bwana wamng'ono.

"Bwana, ine sindikuti munthu waba. Ndikungoti khukhi ali ndi tipoti ya timiyendo tinayi pakabati pake, ndipo mudzi wonse wamumva akunena yekha kuti ndi siliva."

A Namakhwa ataitanidwa anati, "Zinalipo ziwiri zofanana, bwana. Ina ya alendo, ina ya masiku onse. Dona anandipatsa imodzi."

Bwana wamng'ono anali asanamvepo za tipoti yachiwiri. Lolemba m'mawa apolisi anadzawatenga a Namakhwa kukhitchini, epuloni ili m'chiuno. Mlandu anauika Lachinayi. Mkuluyo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndiponso mphumu imene inkamugwetsa nyengo ya chisanu iliyonse. Aliyense anadziwa kuti akamutsekera ngakhale chaka chimodzi, adzatuluka ali m'bokosi.

Tsono a Namakhwa anali ndi ana atatu: Edesi woyamba, Fanuelo wapakati, ndi Dorika chitsirizira.

Fanuelo ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Atangomva kuti bambo ake awamanga, anachoka pamzere dengu lili kumsana, n'kuthamangira kunyumba. Anapeza Mologeni wafikako kale, akugwedeza loko wa pachitseko, apolisi asanafike n'komwe.

"Mukufuna chiyani pano, a kapitawo?"

"Ndadzatenga tipoti, ndikapereke kwa bwana. Ndikuthandiza bambo ako, iwe. Akabweza okha, mlandu uchepa."

Fanuelo anawayang'ana. Munthu wothandiza sabwera yekha opanda mboni, ndipo satuluka thukuta m'mawa wa Juni. Anati, "Kiyi ali ndi achemwali, dikirani ndikatenge." Anazungulira kuseri, analowera pazenera, n'kukwirira tipotiyo pansi pa masamba a m'dengu. Kenako anadutsa pamaso pa Mologeni akuyenda pang'onopang'ono, dengu lili kumsana.

"Iwe, dengu ukupita nalo kuti? Sikelo ili uko!"

"Ndibwerera pompano, a kapitawo."

Sanabwerere. Anawoloka mtsinje mpaka kwa Edesi, n'kutula dengu m'chipinda.

"Bisani, achemwali. Akaipeza, bambo atha."

Mwamva mawuwo? Akaipeza, bambo atha. Munthu sanena choncho za bambo amene akuwayesa osalakwa. Ndipo apolisi atathyola chitseko n'kupeza pakabati pali mbee, mphete ya fumbi yokha kusonyeza pamene tipoti inkakhala, anati, "Eya, ndiye kuti anabadi. Wosaba amabisiranji?" Ngakhale amene ankakayika poyamba anasiya kukayika.

Edesi anali mayi wodziwika dera lonselo ndi mapoto ake. Pathandala pake poto ankawala moti nkhuku zinkajompha zithunzi zawo. Ataitulutsa tipotiyo m'masamba, anaitembenuza. Bambo ake ankaipukuta pamimba pokha, ndi nsanza yofewa, koma kunsi kunali bii ndi utsi wa zaka khumi. M'kudako anaona timaenje tinayi tandandalika.

"Dzina la mzungu ili," anadziuza yekha. "Ili ndilo likawamangitse bambo."

Lachiwiri anaikulunga pakati pa mapoto n'kutsikira kumtsinje, kumtunda kumene amayi ena safika. Anatenga mchenga, phulusa ndi chitsononkho, n'kuyamba kukwecha monga amakwechera poto wa nyemba zopserera. Inu amene muli ndi ziwiya zabwino, musadzayese zimenezi. Siliva amafuna nsanza yofewa ndi dzanja laulemu, osati mchenga. Koma Edesi akanadziwira kuti? Kwathu chinthu chikada timakwecha.

Anakwecha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linafika pamutu. Zala zinasupuka. Kuda konse kunachoka, koma timaenje tija sitinachoke, chifukwa tinachita kudindidwa mozama. Tinayamba kuoneka bwino kuposa kale. Chimene chinachoka ndi kuyera kwake. Pozungulira zidindozo panatuluka banga lalikulu ngati chikhatho cha mwana, la mtundu wotuwa wopita kuchikasu.

Edesi anaponya chitsononkho m'madzi n'kukhala pamwala. "Mayo ine, ndaononga! Dzina silinachoke, tipoti ndaipha. Tsopano adzati taba, adzatinso taononga."

Anaibisa m'nkhokwe, ndipo ngakhale Fanuelo sanamuuze zimene anachita.

Dorika yekha ndiye anafika kusekondale. Ankagwira ntchito pa hotelo ina ku Limbe, kusamala masupuni, mafoloko ndi mathireyi, moti ziwiya ankazidziwa monga mayi adziwira ana ake. Anatsika basi Lachitatu masana, atavala nsapato zazitali, n'kulunjika kwa Edesi.

"Tipoti ili kuti?"

"Sitikudziwa," anayankha Fanuelo akuyang'ana kudenga.

"Achemwali, zala zanu zatani?"

"Ndimakwecha mapoto."

"Mapoto anu mwakwecha zaka zonsezi osasupuka. Mwakwecha chiyani?"

Edesi ndi Fanuelo anayang'anana. Fanuelo anati, "Iwe ukuifuniranji? Tamva kuti kutauni kuli anthu ogula zinthu zakale. Bambo ali m'chitokosi, iwe maso ali pa siliva."

"Achimwene, tamvani. Ndikufuna kuona pansi pake basi. Ndipo ndikuuzeni pompano musadzati ndinakupusitsani: ndikapeza mkango, ndikaipereka ndekha kupolisi. Sindinapite kusukulu kuti ndidzabise katundu wakuba."

"Wakuba!" Edesi anakuwa. "Bambo ako okubala ukuwatcha akuba?"

"Nanga inu mwabisiranji?"

Patapita kanthawi Edesi anatuluka, n'kubwera ndi tipotiyo ataikulunga m'thumba la chimanga. Fanuelo ataona banga lija anagwira pakamwa. Dorika anailandira. Anayatsa koloboyi masanasana, n'kugwira tipotiyo pamwamba pa lawi mpaka kunsi kunada ndi mwaye. Kenako anapukuta pang'ono ndi chala chachikulu. Mwaye unachoka pamwamba, n'kutsala m'timaenje mokha, ndipo zidindo zinaoneka zakuda bii ngati zolemba m'buku. Anatuluka nayo padzuwa, anatsinzina diso limodzi, n'kuwerenga.

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, nsapato imodzi itavuka.

"Wapenga?" anafunsa Fanuelo.

"Mulibe mkango umu, achimwene. Mulibe ngakhale mphaka. Masupuni a kuhotelo kwathu ali ndi zilembo zomwezi. Mawa ndipita nayo kukhoti."

Fanuelo anati, "Sukupita nayo kulikonse. Tikudziwa bwanji kuti ukunena zoona? Ife tikuona timaenje, iwe ukuti zilembo. Ukaipereka m'manja mwawo, bambo ndiye wawakwirira."

Lachinayi m'mawa Fanuelo anakhala pakhomo ngati mlonda, kuyang'ana chikwama cha Dorika. Chikwamacho anachifufuza kawiri. Sanaganize zoyang'ana kumbuyo kwa mayi wina woyandikana nawo, amene Dorika anamupempha kuti abereke tipotiyo m'chitenje ngati mwana mpaka pamsewu.

Kukhoti kunadzaza. A Namakhwa anaimirira m'bokosi la oimbidwa mlandu, chifuwa chikulira ngati mluzu. Woweruza atafunsa ngati pali wina woti alankhule, Dorika anaimirira, n'kumasula chitenje patebulo.

Mologeni analumpha. "Ndi imeneyo, bwana! Ndipo taonani kunsi, ayesa kufufuta zidindo! Munthu wosalakwa amafufutiranji?"

Anthu anang'ung'udza. Edesi, amene anakhala kumbuyo, anabisa manja m'chitenje. Bwana wamng'ono anaitembenuza tipotiyo, anaona zidindo zinayi pamzere, n'kugwedeza mutu kuti ndi yomweyo.

Dorika anati, "Bwana woweruza, ndikupempha kuti bwana wamng'onoyu awerenge kalata ya mayi awo imene aitchula pa mlandu uno."

Anaiwerenga: siliva yekhayekha, mkango ndi nangula.

"Atisonyeze mkangowo."

Bwana wamng'ono anavala magalasi. Anayang'ana, anapita pazenera, anayang'ananso. Makutu ake anafiira. Woweruza naye anayang'ana, n'kutchula zilembo zinayi zija mokweza, chimodzichimodzi.

"Mkango aufufuta!" anatero Mologeni. "Zilembozo akhoza kuti adinda okha. Mwana wakeyu amagwira ntchito ya masupuni, aliyense akudziwa."

Apa woweruza anakayika, ndipo cholembera chake chinaima. Dorika anaika chala pa banga lachikasu lija.

"Bwana, siliva weniweni mungamukweche mpaka kumuboola, amakhalabe woyera, chifukwa mkati mwake ndi siliva yemweyo. Uyu wakwechedwa theka la tsiku, wasanduka chikasu. Zilembo munthu angathe kudinda, koma chitsulo cha mkati sangachisinthe. Iyi si tipoti ya m'kalatamo."

Woweruza anakanda bangalo ndi chikhadabo, n'kufunsa bwana wamng'ono ngati akutsutsa. Sanatsutse. Anangoti mwina mayi ake analidi ndi ina ya masiku onse.

"Ndiye iyi ndi ya mtengo wanji?" anafunsa woweruza.

Dorika akanatha kungoti sakudziwa. Koma mutu unali utatentha ndi kupambana. "Ndi yomwera tiyi basi, bwana. Kuhotelo kwathu zikafika potere timapatsa alonda kuti aziphitsira madzi."

Khoti lonse linaphulika ndi phwete. Anaseka anthu omwe aja amene kwa zaka khumi ankauzidwa kuti musagwire, ingoonani ndi maso. Wina kumbuyo anakuwa, "Siliva weniweni uyu!" potengera mawu a mkuluyo, ndipo anasekanso. Mlandu unathetsedwa. A Namakhwa anatuluka ali mfulu, koma anatuluka atawerama, osayang'ana munthu, ndipo njira yonse sanalankhule ndi Dorika.

Tipoti ya mkango ija sinapezeke mpaka lero. Miyezi iwiri itapita, Mologeni anafolera nyumba ya kwawo ndi malata atsopano. Ine sindinanene kanthu, ndangotchula malata.

Lamulungu lotsatira, atabwera kutchalitchi, a Namakhwa anaitana ana awo atatu pakhonde. Anaika tipotiyo pamphasa chogadamitsa, banga lili m'mwamba.

"Pakabati panga sindikuifunanso," anatero. "Ndikaiona ndimamva kuseka kwa anthu. Koma si yotaya. Dona anandipatsa ndi dzanja lake, ndipo yanditulutsa m'chitokosi. Aitenge amene anandipulumutsa."

Fanuelo anayamba. "Ndine, bambo. Ndikanachedwa pang'ono, ikanalowa m'manja mwa Mologeni, ndipo bwenzi pano ili pansi pa dziwe. Achemwali akanakwecha chiyani? Uyu akanawerenga chiyani? Ntchito yanditheranso chifukwa cha dengu lija."

"Ndipo chifukwa cha dengu lomwelo apolisi anati bambo abadi," anatero Dorika. "Masiku atatu anagona pa simenti chifukwa cha inu. Mukanaisiya pakabati, n'kuima pakhomo mpaka apolisi afike."

"Apolisi aja akanawerenga zilembo zako? Mwini wake yemwe anaona zidindo zinayi n'kuti ndi yomweyo!"

Edesi anatambasula manja ake, zala zikadali ndi zipsera. "Onani izi. Zilembo zako Mologeni anazikana pamaso pa woweruza, ndipo woweruza anayamba kumumvera. Chinawatulutsa bambo ndi banga langa. Iwe wekha unaloza ndi chala chako."

"Banga lanu!" Dorika anaseka. "Achemwali, munapita kumtsinje kukafufuta umboni. Mukanakhala ndi mphamvu pang'ono, bwenzi zilembo zitatha, bambo ali kundende. Munalakwitsa, Mulungu n'kukuchitirani chisoni. Tipereke mphoto chifukwa cholakwitsa?"

Edesi anati, "Koma iwe tikupatse chifukwa chiyani? Unanena ndi pakamwa pako kuti ukapeza mkango ukawapereka bambo kupolisi. Ife tinkabisa, inde, koma tinkabisa kuti bambo akhale moyo. Iwe unabwera ndi nsapato zako zazitali kudzaweruza. Ndipo utapambana, n'kuwavula bambo pagulu. Ya alonda, eti? Chinthu ukuchinyoza, ukuchifuniranji?"

"Ndikuchifuna chifukwa ndine ndekha ndikudziwa kuchisamala. Inu mudzachikwechanso."

"Ndipo iwe udzachigulitsa," anatero Fanuelo. "Mwinanso unanama. Mwina ndi siliva ndithu, ukufuna tikusiyire motchipa."

"Achimwene, mpaka lero?"

A Namakhwa anakweza dzanja, ndipo onse anakhala chete. Anatsokomola nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana mmodzimmodzi.

"Mwa inu atatu, ndani anakhulupirira kuti sindinabe?"

Fanuelo anayang'ana mapazi ake. Edesi anabisanso manja m'chitenje. Dorika anatsegula pakamwa, n'kutseka. Mkuluyo anadikira, ndipo ataona kuti yankho silibwera, anadzuka n'kulowa m'nyumba, kusiya tipoti pamphasa pakati pawo.

Musaganize kuti ine ndikondera Dorika chifukwa tonse tinapita kusukulu. Sukulu yomweyo inandiphunzitsa kuona mbali zonse, ndipo n'chifukwa chake amayi a kumpingo kwathu akasiyana maganizo amabwera kwa ine. Koma nkhani iyi ndaitembenuza monga Edesi anatembenuzira tipoti, ndipo mbali iliyonse ndikupezapo banga. Popanda Fanuelo, tipoti ikanasowa. Koma anaibisa poyesa bambo ake mbala. Popanda mchenga wa Edesi, woweruza sakanaona chitsulo cha mkati. Koma iye ankafuna kufufuta, osati kuonetsa. Popanda Dorika, palibe akanadziwa chimene zidindo zija zinkanena. Koma anali wokonzeka kupereka bambo ake, ndipo powatulutsa anawasandutsa choseketsa cha esiteti yonse.

Tipoti ikadali pamphasa paja, miyendo m'mwamba. Inu amene mwamva zonsezi, tandiuzani: aitole ndani, Fanuelo amene anaibisa, Edesi amene anaikwecha, kapena Dorika amene anaiwerenga?